A Nthawi Ija Anakana Kuponi

Kwathu kuno ku Wimbe kunali bambo wina amene sankatha kutsegula pakamwa osatchula mawu akuti "nthawi ija". Dzina lawo lenileni linali Levison Mphepo, koma mukanafika pamsika n'kufunsa kuti kwa a Levison n'kuti, anthu akanangoyang'anana. Munkayenera kunena kuti a Nthawi Ija, ndiye ngakhale chidakwa chogona m'ngalande chikanadzuka n'kukulozerani njira. Ine ndine Tabitha, ndimagulitsa tiyi ndi zitumbuwa pafupi ndi chigayo, ndipo bambo amenewa anakhala pabenchi panga zaka zambirimbiri akunyoza tiyi wanga m'mawa uliwonse. Anatisiya, mzimu wawo uuse mumtendere. Koma ndikuchenjezeretuni, nkhani yawo ndimaiyamba ndikuseka, pofika pakati mtima umakhala utandiwira.

Nthawi ijayo inali nthawi ya chipani chimodzi, iwo adakali mnyamata. Kwa a Mphepo, chabwino chilichonse chinathera pomwepo.

"Tabitha, tiyi uyu watsukiramo mbale kapena?"

"Nanga mukumweranji, bambo?"

"Ndikumwa kuti ndidzakhale mboni. Nthawi ija ukamwa tiyi Lolemba, thukuta lake linkatuluka mpaka Lachitatu. Onjezera shuga."

"Shuga ndathira kale wambiri."

"Shuga wa masiku ano ndi mchenga. Nthawi ija unkangoionetsa kapu paketi ya shuga, tiyi n'kuzuna yekha."

Mvula nayo, amati, inkaopa boma. Alangizi a zaulimi akangonena kuti sabata yamawa tidzale, mitambo inkabwera yokha n'kufola pamzere. Udzudzu unkaluma anthu osakhoma msonkho okha. Fodya wa nthawi ija tsamba limodzi unkafunda ndi mkazi wako, mapazi osaonekera. Ngakhale akuba anali ndi mwambo, akakubera nkhuku ankakusiyira mazira kuti uyambirenso. Ife tinkaseka mpaka kutsamwa zitumbuwa, iwo nkhope ili gwa, osamwetulira n'komwe, chifukwa kwa iwo sizinali nthabwala ayi.

Zikanathera pabenchi panga pompo, bwenzi lero ndikungoseka. Koma nthawi ijayo inalowa m'munda mwa akazi awo, mayi Enelesi, ndipo apa m'pamene ine ndimapsera mtima.

Mukukumbukira zaka zimene boma linayamba kugawa makuponi. Kapepala kaja unkakagula nako matumba awiri a feteleza pamtengo wotsika, lina lokulitsa, lina lobereketsa. Nthaka yathu ino inatopa ndi fodya, aliyense amadziwa. Ukadzala chimanga osathira kanthu, chimalekera m'maondo. Ndiye kwa banja la okalamba awiri opanda ng'ombe, opanda mwana wa kutauni, kuponi ndiyo inali nkhokwe yawo. Vuto linali lakuti inkaperekedwa khomo limodzi kuponi imodzi, m'dzina la bambo wapakhomo.

Chaka choyamba anawasankha, pakuti okalamba ankayamba ndiwo. Tinasonkhana pabwalo la sukulu, dzina lawo n'kuitanidwa. A Mphepo anaimirira, anakonza kolala ya jekete, n'kupinda manja pachifuwa.

"Ine sindilandira mapepala kwa anthu osadziwa kumene khasu limagwiridwa."

Mayi Enelesi anawakoka jekete. "Bambo a Maliya, tengani kaye, tikakambirana kunyumba."

"Make Maliya, m'munda mwanga muja feteleza alimo kale. Tinathira nthawi ija. Feteleza wa nthawi ija sasukuluka, wangogona m'nthaka kudikira boma lanzeru."

Bwalo lonse linafa ndi phwete. Mayi Enelesi okha ndiwo sanaseke. Kuponi ija inapita kwa munthu wina, iwo akuona.

Chimanga chinamera, chinafika m'maondo, n'kusanduka chachikasu. Munda woyandikana nawo uli wobiriwira, mpaka mbalame zinkadziwa malire. Ndinawafunsa a Mphepo pabenchi kuti nanga feteleza wogona uja sanadzuke bwanji.

"Tabitha, iwe ndiwe mwana. Chimanga chija chanyanyala. Sichikufuna kukula pansi pa ulamuliro umenewu, ndipo ine sindingachikakamize."

Chaka chachiwiri chimodzimodzi. Amene ankalipira kunyanyala kwa chimangako anali mayi Enelesi. Mayi wamkulu ngati uja ankalawirira kuesiteti kukasoka fodya, kubwerako manja ali bii ndi utomoni, atanyamula kambale ka chimanga kapena madeya. Iwo kwawo ndi ku Kaluluma, ndipo akapsa mtima Chitumbuka chinkatulukira chokha. Tsiku lina anakhala kuseri kwa tebulo langa, ndinawathirira tiyi, n'kuwafunsa kuti kodi nthawi ijayo inalidi yokoma chomwecho.

"Yayi mwe, mwana wanga! Nthawi imene amaitamayo, ndine ndinkawathowa msana ndi madzi otentha. Anawagubuduza m'matope pamsika pomwe pano chifukwa anaiwala khadi ya chipani m'thalauza lina. Dimba lathu labwino linalowa mu esiteti ya munthu wamkulu, sitinafunse n'komwe, tinkaopa kusowa. Fodya wathu ankatigula pamtengo wa tomato."

"Nanga chimene amachikumbukacho n'chiyani?"

"Anali ndi mano onse, tsitsi lodzaza mutu, ndi njinga yatsopano yokhala ndi belu. Atsikana ankatembenuka. Basi, boma lake ndi limenelo."

Tsono kunabwera anthu awiri amene ndikawatchula mayina malovu amandiwawa. Woyamba ndi a Grey, amene ankafuna uphungu kudzera m'chipani chakale chija. Mnyamata ameneyu nthawi ijayo ikutha n'kuti adakali mwana wasukulu, koma akagwira chimkuzamawu ankalira misozi yeniyeni poikumbukira. Atamva za a Mphepo anaona kuti watola chikwama. Ankabwera ndi galimoto yapikapu kudzawatenga, kuwakweza kumbuyo ngati mbuzi ya chikole, ulendo ku Kapelula, ulendo uku ndi uku m'misonkhano.

"Agogo, auzeni ana awa, nthawi ija zinthu zinali bwanji?"

Ndiye a Mphepo ankamasuka, za mvula yofola pamzere, za tsamba lofunda, anthu m'manja phu phu phu. Madzulo ankawatsitsa pamsika atawaveka kapusi ya chipani, mimba ili pululu. Munda wa a Grey womwewo unali wobiriwira ndi feteleza wa boma limene ankalinyozalo, ankagula makuponi kwa anthu ovutika. Sanaganizepo ngakhale tsiku limodzi kuti agogo ake a m'misonkhanowa amadya chiyani.

Wachiwiri ndi a Frazer, wapampando wa komiti yogawa makuponi, amenenso anali mkulu wa chipani cholamula kuno kwathu. Awa ndiye matenda ake omwewo, kungoti anawagwira mbali inayo. Kwa a Frazer dzuwa linayamba kutuluka chaka chimene kuponi inabwera. Kumbuyo konseko kunali mdima, anthu ankayenda chopapasa, ana ankabadwa opanda mayina. Ukawapatsa moni ankayankha kuti, "Tili bwino chifukwa cha boma ili." Akakumana ndi a Mphepo pabenchi panga, ndinkayamba ndachotsa makapu agalasi.

"Nthawi yanu ija anthu ankadya mizu!"

"Mizu yake inali yonona kuposa nkhuku zanu za masiku anozi!"

Chaka chachitatu mayi Enelesi anatopa. Anamanga katundu wawo m'chitenje, n'kumuika pakhomo poonekera.

"Bambo a Maliya, chaka chino mukakananso kuponi, ine ndikupita kwathu ku Kaluluma. Mutsale muzidya nthawi ijayo, muzithira mchere."

M'mawa mwake a Mphepo anabwera pabenchi, anamwa tiyi kapu yonse osamunyoza. Ndinachita mantha, ndinaganiza kuti adwala. Kenako anaimirira, anavula kapusi ya a Grey n'kuipinda m'thumba, ulendo kwa a Frazer. Munthu wonyada ngati uja kukagogoda pakhomo pa mdani wake, inu simukudziwa kuti zinawatengera chiyani.

A Frazer akanangowapatsa, nkhani ikanathera pomwepo. Munthu ndi wokalamba, ndi wosauka, kuponi ndi yake mwa lamulo lawo lomwe. Koma ayi, anaona mwayi. Anati phungu akubwera kudzachititsa msonkhano pasukulu, ndiye a Mphepo akaime pamaso pa anthu, anene ndi pakamwa pawo kuti nthawi ija inali ya mavuto. Akatero, kuponi ndi yawo. Taonani nkhanza zake, feteleza wa boma kumugulitsa ndi manyazi a nkhalamba!

Mayi Enelesi anabwera ndi a Mphepo kwa ine kuti tiwaphunzitse zokanena.

"Nenani kuti, nthawi ija tinkavutika."

"Nthawi ija tinkavutika."

"Eya! Mukatero muzikhala pansi."

"Koma..."

"Palibe koma, bambo a Maliya! Koma ameneyo mumusiye kunyumba."

Tinabwereza mpaka tiyi anazizira. Pochoka anali atakhoza bwinobwino, ngakhale nkhope inali ngati ya munthu amene wameza mankhwala a malungo.

Tsiku la msonkhano bwalo linadzaza. Amayi anavina, phungu anakhala pampando wa ahedi, a Frazer akutuluka thukuta m'suti. Kenako analengeza kuti lero ngakhale a Nthawi Ija aona kuwala. Anthu anaimirira pa zala kuti aone. A Mphepo anagwira chimkuzamawu ndi manja awiri.

"Abale anga, nthawi ija tinkavutika."

M'manja munawombedwa, nthungululu zinalira. Mayi Enelesi, amene anakhala pafupi ndi ine, anapumira m'mwamba n'kuyamba kuwakodola kuti akhale pansi. Koma kalanga ine, bambo aja kuwomba m'manja kunkawaledzeretsa kuposa kachasu.

"Tinkamenyedwa chifukwa cha khadi!"

M'manja phu phu phu.

"Ine ndemwe anandigubuduza m'matope pamsika apo, anthu akuona!"

A Frazer anayamba kuyandikira kuti alande chimkuzamawu. Anachedwa.

"Koma ndinene zoona pamaso pa Mulungu, kumenya kwa nthawi ija kunali kwa dongosolo. Osati za masiku anozi, mwana angokugenda mwala n'kuthawa. Ankayamba akupatsa moni, akufunsa za kunyumba, kenako n'kukuuza chifukwa chake. A Frazer awa ndi mboni yanga, dzanja lake linali lawo. Eee, musachite manyazi a Frazer, ntchito munkaidziwa! Mnyamata ameneyu khofi limodzi lokha, khutu linkalira mpaka Khirisimasi. Lero angathe? Taonani mimbayo!"

Abale inu, bwalo linaphulika. Anthu ankagubuduzika pansi, ana anagwa m'mitengo, phungu anabisa nkhope m'kampango mapewa akugwedezeka. Achikulire ankadziwa kuti a Frazer anali m'gulu la achinyamata ofunsa makadi nthawi ijayo, koma palibe amene anazinenapo poyera. Ndipo chopweteka n'chakuti a Mphepo sankawanyoza ayi. Ankawayamikira ndi mtima wonse. Anatsika akumwetulira, n'kufunsa akazi awo kuti, "Make Maliya, ndalankhula bwanji?"

Mayi Enelesi anangophimba kumaso ndi chitenje.

Tsiku logawa makuponi a Mphepo anafika woyamba, atavala jekete. Anaima padzuwa mpaka anthu onse anatha. A Frazer, osawayang'ana n'kumaso komwe, anati makuponi achepa chaka chino, ayesenso chaka chamawa. A Mphepo anapita kwa a Grey kukapempha ngakhale theka la thumba. A Grey anawagwira paphewa, anati zonse zidzakonzeka tikadzalowa m'boma, n'kuwapatsa kapusi yachiwiri.

Ku Kaluluma mayi Enelesi sanapite. Katundu uja anamumasula okha. Nditawafunsa anangoti, "Ndikawasiya adya chiyani? Sadziwa n'kusinja komwe."

Njala ya chaka chimenecho inali yoipa. Pofika Januwale mayi Enelesi miyendo inatupa, kuesiteti kuja osathanso kufika. Ndiye tsiku lina ndikuchokera kogula nkhuni, mvula ikuwaza, ndinaona munthu atawerama m'munda mwa a Frazer, jekete litanyowa, akubowola pansi ndi kamtengo n'kumathira feteleza wobereketsa phando ndi phando. Anali a Mphepo. Ankagwira ganyu kuti apeze mbale ya chimanga ya akazi awo. A Frazer anawalemba ganyuyo mosangalala, ndipo ankauza aliyense pamsika.

"Bambo, mvula imeneyi ikudwalitsani, tiyeni kunyumba."

"Nditsirize mzerewu, Tabitha." Anatapa feteleza m'dzanja n'kumuyang'ana. "Wopepuka uyu. Wa nthawi ija dzanja linkachita kutentha."

Ndinati ndiwakalipire, koma anapitiriza, mawu ali pansi, maso ali pa chimanga cha eni ake chimene chinali chitawafika kale m'chiuno.

"Komabe chikukula, eti? Chikanakhala cha make Maliya."

Sindinawamvepo akulankhula chomwecho chiyambire. Sabata yotsatira chibayo chinawagwira. Anamwalira dowe asanakhwime.

Pamaliro ndiye panali zonyansa zimene sindidzaiwala. A Grey anabwera ndi nsalu ya chipani chawo kuti aphimbe bokosi, akuluampingo anachita kuwaletsa. Atapatsidwa mpata wolankhula anati tataya ngwazi imene inakana kugulidwa ndi kapepala, munthu amene anafa akuloza kumene dziko liyenera kubwerera. A Frazer nawo sanafune kutsalira. Anaimirira n'kunena kuti malemuwa anazunzika kwambiri m'nthawi ya mdima ija, thupi lawo linafooka kuyambira pamenepo, ndipo n'zachisoni kuti apita pamene dziko layamba kukoma. Aliyense ankakokera mtembo ku nthawi yake. Ine ndikanakhala mwamuna bwenzi nditagenda munthu ndi njerwa.

Koma kwathu kuno mayi wamasiye salankhula pamwambo, amalira. Ndipo zimene wanena polira palibe amene angamuletse kapena kumuimba nazo mlandu. Mayi Enelesi anayamba kubuma m'nyumba muja, mawu akumveka mpaka kumsewu.

"Bambo a Maliya ineee! Dzukani muone, lero muli ndi abale ambiri! Wina wabwera ndi nsalu, wina wabwera ndi mawu okoma, thumba la feteleza ndiye linawalemera! Munkakangana za nthawi ija ndi nthawi ino, ine ndinkadya madeya nthawi zonse ziwiri! Amene anakumenyani ndi omwewo anakumanani, amene ankakukwezani pagalimoto ndi omwewo anakutsitsani ndi njala! Mwandisiyira makapusi awiri, ndiphike bwanji ineee!"

Abusa anakodola amayi a chigwirizano kuti ayambitse nyimbo. Anaiyambitsa ndithu, koma motsitsa kwambiri, mwadala, kuti mawu onse amveke. A Grey anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi msonkhano kwina. A Frazer anakhala chowerama mpaka kumanda.

Chaka chotsatira analengeza kuti amayi amasiye ndiwo ayambe kulandira. A Frazer anachita kubweretsa okha kuponi pakhomo pa mayi Enelesi, akumwetulira, n'kunena kuti tsopano palibenso chovuta. Palibenso chovuta! Ndiye kuti chovuta chinali munthu uja, wachoka, zinthu zayenda. A Frazer anawonjezera kuti mayiwo akakolola adzaime pamsonkhano adzachitire umboni ubwino wa nthawi ino. Mayi Enelesi analandira kapepalako ndi manja awiri, n'kuyankha kuti adzabwera ndithu, ndipo adzafotokoza zonse kuyambira pachiyambi. A Frazer sanawaitanenso.

Pamsika pano pazizira masiku ano. Anthu amamwa tiyi wanga mwaulemu, kulipira, n'kumapita, palibe amene amandiuza kuti ndi madzi otsukira mbale, ndipo ndimadabwa kuti zimenezo zimandisowa. Pawailesi akuluakulu akadakanganabe, awa akuti tibwerere kumene tinachoka, awa akuti dziko linayamba ndi ife. A Mphepo bodza lawo linkakula mpaka aliyense ankaliona n'kuseka, ndipo amene linamupweteka ndi iwo eni ndi mkazi wawo. Enawa amalinena laling'ono bwino, atavala suti, ife n'kumawomba m'manja, iwo n'kukadya kwawo.

Mwezi wokolola ndinapita kukawaona mayi Enelesi. Munda womwe uja, umene chimanga chinkalekera m'maondo, unabereka zoti simungakhulupirire. Nkhokwe inadzaza mpaka pakamwa, china anachiunjika pakhonde, china m'chipinda. Ndinawapeza atakhala pamphasa pakati pa mulu wa zitsononkho, akutong'ola okhaokha.

"Mayi, chaka chino ndiye mwakolola," ndinatero.

Anayang'ana nkhokwe ija nthawi yaitali, manja ali pamiyendo.

"Eya, mwana wanga, ndakolola. Matumba awiri okha aja ndi amenewa. Nanga ndidya ndi ndani?"